Mayi Pampu ndi Chubu cha Zigamba Khumi ndi Chimodzi

Alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, anthu amawatcha Mayi Pampu. Dzina limeneli likanayenera kukhala langa, chifukwa wokonza njinga kuno ndine, ndipo ndakhala ndikupopa matayala ndevu zisanamere. Koma ine ndimapopa mphira, iwo amapopa anthu, ndiye dzina linapita kwa iwo. Sindinadandaule. Alamu anga amenewa ukadandaula pamaso pawo amakugwira mkono, kukumanga lamba, n'kukuuza kuti kudandaulako ndi matenda.

Ndi mayi wamfupi, woyenda mwandawala ngati wasiya mkaka pamoto. Paphewa sipachoka chikwama chabuluu chothothoka zipi. M'menemo muli lamba womanga pamkono, kamphira kopopera, kawotchi ka muvi umodzi, ndi zoika m'makutu zija amamvera mtima madokotala. Iwo si dokotala, si namwino. Anangodzipereka, n'kukaphunzira masabata awiri kuchipatala chaching'ono cha kutsidya kwa mlatho. Anabwerako ndi chikwamacho, komanso ndi chizolowezi choyang'ana mbale ya munthu asanamupatse moni.

Kale sanali choncho. Ankaluka tsitsi pakhonde, akuimba, nkhani za m'maboma onse zikutuluka pakamwa. Ndiye m'mawa wina mayi awo, apongozi anga aakazi, anagwa panjira ya kumjigo ndowa ili pamutu. Atawadzutsa, mkono ndi mwendo wakumanzere zinali zitafa, pakamwa patapindika. Sitiroko. Alamu anasiya zoluka tsitsi. Kwa zaka zitatu anawasambitsa, kuwatembenuza, kuwadyetsa ndi sipuni yaing'ono. Bambo awo, apongozi anga aamuna, ndi kalipentala. Anakhoma mpando wa zogwirira m'mbali, ine n'kuikako mawilo a njinga ya ana, kuti mayiwo azitulutsidwa kukaothera dzuwa. Maliro atatha, namwino wina anawauza alamu kuti matendawo akanaoneka kale kwambiri, akanangowayeza bipi, kuthamanga kwa magazi kuja, ndi kalamba ka pamkono.

"Kansalu kameneka?" anafunsa alamu. "Zaka zitatu zonsezi chifukwa cha kansalu kameneka?"

Mwezi usanathe anali atalembetsa dzina.

Aphunzitsi aakulu anawabwereka kalasi ya Sitandade 2, Loweruka limodzi pa masabata awiri alionse. Sukuluyo ili pamwamba pa chitunda. Mukanaona nkhalamba zikudzipanikiza m'madesiki a ana, mawondo kufika pachibwano, ndodo zitatsamira khoma pansi pa zithunzi za A, E, I, O, U! Alamu ankaima kutsogolo n'kumaphunzitsa: mchere muchepetse, fodya musiye, muziyendako tsiku lililonse, mutu ukamawawa kunkhongo musamange mpango n'kugona. Akatha, ankayeza mmodzimmodzi. Wa nambala yokwera ankamulembera kalata yopita nayo kuchipatala.

Anthu anali ambiri, makalata ochedwa kulemba. Ndiye alamu anaganiza zanzeru. Anati azilemba pabolodi, wa nambala yokwera kwambiri pamwamba, wotsatira pansi pake, mpaka kumunsi, kuti adziwe woyamba kumulembera kalata.

Nzeru yabwino ndithu, bolodilo likanakhala kwina. Koma linali m'kalasi. Aliyense amene anapondako kusukulu, ngakhale ine amene ndinathawa Sitandade 6 isanathe, amadziwa kuti dzina likakhala pamwamba pa bolodi, mwini wake ndi nambala wani. Muonjezerepo izi: nkhalamba zimenezi zakhala zikuona ana akupachikidwa pasikelo moyo wawo wonse. Nambala ikakwera, mayi amayamikiridwa. Ikatsika, amakalipiridwa. Nkhuku yonenepa, chimanga chochuluka, mvula yambiri, zonse kukwera ndiko kwabwino. Ndiye bipi yokha ikhale yosiyana bwanji?

Tsiku loyamba la bolodi, pamwamba panalembedwa kuti Kalipentala 176. Pansi pake, Telala 171. A Telala ndi mnzawo wa apongozi kuyambira ali anyamata, ndipo akhala akukangana zaka makumi asanu ndi limodzi osapuma: za mpira, za mvula, za amene anayamba kuvala nsapato.

"Ali pamwambapo ndani?" anafunsa apongozi, akufinya maso.

"Ndinu, bambo," anayankha alamu. "Ndipo si zabwino."

"Wamva, Telala? Akuti si zabwino. Kwa iwe!"

Kalasi yonse inagwa ndi phwete. Alamu anafotokoza, anajambula mtima pabolodi, wooneka ngati mbatata yopondedwa ndi ngolo, anafotokozanso. Azimayi achikulire anamva. Anatenga makalata awo mwakachetechete, Lolemba n'kuwoloka mlatho. Koma azibambo aja ankangogwedeza mitu mwaulemu, maso ali pabolodi. Bipi imakhala ndi manambala awiri, koma yachiwiriyo, yapansi, sankaiwerengera n'komwe. Ankati ndi yongoperekeza.

Apongozi anatuluka m'kalasimo chifuwa chili patsogolo. Munthu anasiya sukulu Sitandade 3 atabwereza kawiri, lero ali ndi zaka 74 wakhala nambala wani m'kalasi. Kalata ya kuchipatala ija anaipangira felemu ya thabwa labwino, kuikamo galasi, n'kuipachika m'shedi yawo pamwamba pa macheka. Aliyense wobwera kudzaoda chitseko ankamuonetsa.

"Satifiketi," ankatero. "Wasayina mwana wanga yemwe."

Loweruka lotsatira a Telala anakwera chitunda chija akuthamanga, jekete ili m'manja, thukuta kamukamu. Alamu anawakhazika pansi mphindi zisanu kuti apume, monga anawaphunzitsira. A Telala anakhala pansi ndithu, koma mphindi zonse zisanuzo anazithera kuyang'ana apongozi ndi diso lofiira, akukumbukira dala zonse zimene analakwiridwa kuyambira chaka cha njala. Muvi unaima pa 183. Apongozi 180.

Madzulo ake apongozi sanadye bwino.

Kuyambira pamenepo mudzi unasokonekera. Nkhalamba zinayamba kukonzekera Loweruka ngati osewera mpira. Wina ankamwa tiyi wakuda bii makapu atatu. Wina ankanunkha fodya kuseri kwa chimbudzi cha sukulu ngati mwana wa Sitandade 8. Apongozi anayamba kuyenda ndi mchere m'thumba la jekete, akamakwera chitunda n'kumanyambita chala. Zimene alamu ankaletsa m'kalasi, iwo ankazimva ngati malangizo a mphunzitsi wa masewero. Mchere umakweza? Zikomo mwana wanga, tamva.

Ndiulule, inenso ndinalowamo. Loweruka lina ndinawanyamula apongozi panjinga. Titafika pageti la sukulu, anandigwira shati.

"Mkamwini, ndiputeni."

"Bambo?"

"Ndiputeni, ndikwiye. Fulumirani, Telala walowa kale."

Taganizani inuyo. Munthu amene ndimamuvulira chipewa ndikadali patali, amene anandipatsa mwana wake ndilibe ngakhale mpando, lero ndimupute?

"Bambo, nsapato zanu zafumbi."

"Zimenezo n'zoputa? Muli ndi ana anayi inu, simudziwa kuyankhula?"

Ndinatseka maso. "Chitseko munatipangira chija chimalira. Ndipo chimatsekeka ndi bondo."

Makutu awo anayamba kugwedera.

"Chitseko changa?"

"Mwandituma ndinu, bambo."

"Chitseko changa chimalira? Khoma lanu lopindika ngati nthochi lija simukuliona? Zaka makumi asanu ndikugwira cheka, ine..." Analowa m'kalasi akulankhulabe, n'kukapereka mkono. Tsiku limenelo anapeza 204. A Telala 190. Azibambo anaimirira m'madesiki mmene akanathera, ena madesikiwo atawakanirira m'chiuno, kuomba m'manja. Apongozi potuluka anandigwira chanza ndi manja awiri.

"Mwagwira ntchito. Koma za chitseko tikambirana."

Alamu ndi okhawo amene sanaseke. Ndinawaona akupukuta bolodi pang'onopang'ono, nkhope itagwa. Ankadabwa kuti chiyambireni kuphunzitsa, manambala a azibambo akungokwera. Anafika poganiza kuti mwina kawotchi kawonongeka, n'kupita nako kwa namwino. Kanali kabwinobwino.

Lachinayi lotsatira m'mawa ndinapita kushedi kukatenga benchi yanga imene ankaikonza mwendo. Ndinawapeza apongozi atakhala pansi pautuchi, atatsamira thebulo, dzanja lili kunkhongo. Pulena inali pansi, thabwa atalisiya pakati.

"Bambo, kwagwanji?"

"Palibe. Mutu chabe. Ukugunda ngati muli munthu akukhoma misomali." Anaphethira kangapo. "Mkamwini, ziphaniphani zimauluka masana?"

"Ayi, bambo."

"Ndiye zangazi n'zachilendo. Musamuuze mwana wanga. Andichotsa pabolodi."

Ndinalonjeza. Ndinakwera njinga, n'kukawauza alamu benchi ndisanaitsitse n'komwe. Ndinaulula zonse: mchere wa m'thumba, tiyi, fodya wa kuseri kwa chimbudzi, ndi chitseko. Anandimvetsera manja ali m'chiuno.

"Alamu, inu ndi mutu wanu wonsewo, munawaputa bambo anga kuti magazi akwere?"

"Anandituma."

"Akanakutumani kuti muwakankhire m'chitsime?"

"Ndikanafunsa kaye kuti n'chakuya bwanji."

Sanaseke. Anatenga chikwama n'kuthamangira kushedi. Ndinamva kwa mkazi wanga kuti anawachonderera mpaka kugwada pautuchi pomwepo kuti awoloke mlatho tsiku lomwelo. Apongozi anakana. Anati amva kuti mapiritsi a kumeneko amatsitsa munthu, ndipo iwo sanavutikire 204 kuti Telala adzawadutse atakhala pansi.

Dzuwa litapendeka, alamu anatulukira pamalo anga a ntchito. Sanandipatse moni. Anayang'ana machubu opachikika pamsomali, akuwagwira chimodzichimodzi ngati akusankha nsalu.

"Chotheratu ndi chiti?"

Ndinawatsitsira chubu chimene chinatumikira njinga zitatu n'kupuma pantchito. Chinali ndi zigamba khumi ndi chimodzi, zina zigamba pamwamba pa zigamba.

"Mawa m'mawa mubwere nacho kusukulu, ndi pampu yanu yaikulu ija. Ndipo mukawauze azibambo onse kuti kuli mpikisano womaliza. Wopambana adziwika mawa."

"Mawa ndi Lachisanu, ana ali m'kalasi."

"Ndapempha kale. Ana akaphunzirira pansi pa mtengo. Loweruka ndi kutali."

Uthengawo unayenda kuposa njinga yanga. Kutacha, kalasi inadzaza mpaka m'mawindo. Anabwera ngakhale aja ankati mawondo awo sakweranso chitunda. Azimayi achikulire anakhala kumbuyo, akuti adzaonere amuna awo akuchita manyazi. A Telala anavala tayi.

Alamu sanatulutse lamba. Anayala chubu chija pathebulo la aphunzitsi, n'kulumikiza pampu.

"Lero sitiyeza mkono," anatero. "Lero katswiri wathu ationetse kuti mphamvu zimafika pati. Bambo, bwerani kuno. Katswiri sapopa yekha, apopa ndi alamu angawa. Inu ikani dzanja pachubupa. Ine ndiziwerenga manambala. Mukaona kuti zakwana, munene kuti basi."

Apongozi anapita kutsogolo akukonza kolala. Ndinayamba kupopa. Chubu chinadzuka, n'kukhala chozungulira bwinobwino.

"130," anatero alamu. "Apa njinga ikhoza kuyenda mpaka kutauni. Tisiye?"

"130 ndi ya ana a mkaka. Popani!"

Ndinapopa. Chubu chinayamba kunenepa.

"150. 176, ya pasatifiketi ija. Tisiye, bambo?"

"Onjezani!"

"190. Apa ndi pa a Telala."

"Dutsani pamenepo msanga, pakununkha!"

Azibambo anayamba kumenya madesiki. A Telala anaimirira, tayi ili paphewa: "Sichifika! Chubu chimenecho chikudziwa mwini wake!" Chubu chinali chitatupa mbali imodzi ngati njoka yomeza chule. Zigamba zinayamba kutukuka m'mphepete, chimodzi chikulira kuti tswii. Ine amene ndimadziwa machubu ndinabweza mutu kumbuyo, n'kumapopa ndi manja otambasula.

"200," anatero alamu. "Bambo, mukumva mmene chaumira?"

"Ngati chitsulo! Imeneyo ndiye mphamvu. Mkamwini, mwatopa? Popani!"

"204."

"Onje..."

Phuu!

Fumbi la choko linabuka pathebulo. A Telala anagwa chagada limodzi ndi desiki, miyendo m'mwamba. Gogo wina anaponya ndodo pawindo. Panja ana a Sitandade 2 anabalalika pansi pa mtengo ngati anapiye aona kabawi, aphunzitsi awo patsogolo. Chigamba chimodzi chinauluka n'kukamata pachipumi pa mkulu wina amene anali akusinza, ndipo anadzuka akuyankha kuti, "Ndilipo!" Azimayi kumbuyo kuja anaseka mpaka kugwirana, misozi ili mbwembwembwe. Apongozi anangoima, nsidze zayera ndi choko, dzanja likadali pamene panali chubu.

Alamu anadikira kuti phokoso lithe. Kenako anatola chubu chija, n'kulowetsa zala zitatu pamene panang'ambika.

"Mitsempha ya munthu wamkulu ili ngati chubu ichi," anatero, mawu ali pansi. "Yagwira ntchito zaka zambiri, ili ndi zigamba. Bambo, amayi sanali ofooka. Ankasenza ndowa pamutu, ina kumanja. Bolodi ili likanakhalapo nthawi imeneyo, akanakhala pamwamba pa nonsenu." Anakweza chubu chija, n'kuloza pamutu pawo. "Chawo chinaphulikira umu."

A Telala anasiya kudzikutumula fumbi.

"Kukusamalani ndikhoza," anapitiriza alamu. "Msana ndikadali nawo, sipuni ija ndinasunga. Koma sindikufuna, bambo. Ndikufuna muzindilalatira mutaimirira."

Apongozi anatenga chubu chija m'manja mwa mwana wawo. Anachitembenuza, kuyang'ana pong'ambikapo nthawi yaitali, monga amayang'anira thabwa lofumbwa.

"Mkamwini, pamenepa pangamatike?"

"Ayi, bambo. Pakang'ambika chonchi, n'kutaya."

Anagwedeza mutu. Anapukuta choko kumaso ndi mkono wa jekete.

"Mpando uja uli m'shedi ndi waung'ono," anatero kwa mwana wawo. "Ndinayeza thupi la amayi ako. Ine sindingakwanemo." Anayang'ana kalasi yonse. "Ndiye wanga angandipangire ndani? Anyamata a masiku anowa, okhoma misomali paliponse ngati akupha nsikidzi? Ndikhale pampando wa miyendo yosiyana, ine, Telala akundiseka? Ayi." Anatembenukira kwa ine. "Njinga ili ndi mpweya?"

"Ili nawo, bambo."

"Wokwanira?"

"Wokwanira."

"Musaonjezere."

Tinadzera kushedi kukatenga kalata. Anakana kuichotsa mufelemu, akuti guluu wake ndi wabwino, sangamuononge. Tinawoloka mlatho iwo ali pakaliyala, felemu atayikumbatira pachifuwa, alamu akubwera pambuyo panjinga yobwereka. Titacheuka, tinaona a Telala nawonso akubwera wapansi, tayi ili m'thumba, kalata yawo yopindapinda ili m'manja.

"Ukutsatira chiyani?" anakuwa apongozi.

"Ukafike wekha kumeneko, ukaname kuti unali nambala wani popanda mboni?"

Namwino anawerenga kalata ija kudzera pagalasi. Anayang'ana apongozi, anayang'ana alamu. Atawayeza, anawagoneka pabedi mpaka masana, n'kuwapatsa mapiritsi oti azimwa tsiku lililonse, ndi tsiku lobwereranso. A Telala anapatsidwa awo.

Bolodi lija alamu analisiya. Anati kulakwa kunali kwawo, munthu sulemba matenda a anzako poyera ngati zotsatira za mayeso. Masiku ano aliyense ali ndi kabuku kake, nambala amamuuza chapansipansi. Chubu chong'ambika chija chimakhala m'chikwama chabuluu, ndipo chayenda midzi isanu ndi umodzi. Akafika pamalo atsopano amayamba achitulutsa, lamba pambuyo. Thumba la jekete ya apongozi anakalisoketsa kwa a Telala, kuti mchere usapezenso pokhala. A Telala analisoka kawiri, ndi ulusi wa nsapato, akuimba nyimbo.

Musaganize kuti mpikisano unatha. Nkhalamba zimenezi mukhoza kuzilanda bolodi, koma pakamwa ayi. Patatha miyezi inayi, apongozi anatuluka m'kalasi akukupiza kabuku kawo m'mwamba.

"138! Telala, kuchokera pa 204! Ndatsika masitepe 66. Iwe watsika angati?"

A Telala anawerenga zala, n'kupeza kuti awo ndi 50 okha. Tsiku lomwelo anakafunsa alamu, mwaulemu kwambiri, ngati munthu angamwe mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi. Alamu anatsegula chikwama, n'kuwaonetsa chubu.

"Ichi chinaphulika ndi mpweya wambiri. Mukufuna ndikabwereke china kwa alamu anga, ndikuonetseni mmene njinga imayendera tayala likaphwa? Limodzi, monga anakuuzani namwino. Ndipo ndidzawerenga otsala."

Pano awiriwa amayenda limodzi m'mawa uliwonse, kuchokera pashedi kukafika pamlatho n'kubwerera, chifukwa Mayi Pampu anati kuyenda n'kwabwino. Amakangana njira yonse kuti wayamba kugunda chitsulo cha mlatho ndani. Alamu akuti bola azikangana akuyenda.

Za chitseko tinakambiranadi. Apongozi anabwera ndi pulena, kuchichotsa, kuchipala m'mbali, kuchibwezera, n'kundiuza kuti vuto linali khoma. Ndinavomera. Chimalirabe, koma ndikamafuna kutsegula iwo ali pafupi ndimatsokomola.

Mpando wa mawilo uja ukadali pakona m'shedi, umodzi womwewo. Nkhuku ina yaupeza, imaikirapo mazira. Apongozi salola munthu kuichotsa. Akuti pampandopo pakhale nkhukuyo basi.